Tsamba Lodyedwa ndi Chiswe

Nambala yake sindiidziwa.
Chiswe chinadya ngodya ya tsambalo
chaka chimene denga lathu ku Mpondasi linadontha,
chinadya nambala, chinadyanso dzina la woipeka,
n'kutisiyira ndime zinayi
ndi banga la chala cha bambo, la mafuta a makina.

Mbiri yake ndinaimva pawiri.
Bambo ankati inabwera pa sitima
m'thumba la mphunzitsi wa ku Likoma wodwala chifuwa,
amene anaimasulira usiku, nyali ili pa bondo,
n'chifukwa chake mawu ena ndi a Chinyanja chakale
oti ife ana tinkangomeza osatafuna.
Azakhali Edesi ankakana mpaka kuwomba m'manja:
iyayi, anaipeka ndi mayi wina wa ku Malindi
ataika ana awiri sabata imodzi, nthawi ya nthomba,
enawo anangoilemba ndi kusindikiza.
Anakangana zaka makumi atatu.
Ankagwirizana poimba pokha,
bambo besi, azakhali kamawu kowonda kokwera ngati utsi.

Bambo anali telala pa khonde la sitolo pa boma.
Phazi pa chopondera, mayunifolomu a sukulu pamiyendo,
nyimboyo ili m'mphuno kuyambira m'mawa.
Pambali pawo Che Sumani, wokonza njinga za kabaza,
munthu wa swala zisanu,
wosapondako m'tchalitchi chibadwire,
ankaiimba ndi mluzu akumata chubu,
akafika pokwera paja n'kulakwitsa dala
kuti bambo adzutse mutu:
"Aa, achimwene, mwaiphanso!"

Sitiroko inawagwetsa mu Okutobala,
kutentha kuja kofewetsa phula pamsewu.
Chipatala cha boma, wodi ya amuna, bedi la pakhomo.
Pakamwa panapotoka, mawu onse anabalalika.
Dzina langa, Lusiya, linawakanika.
Madzi ankapempha ndi maso.

Usiku wachinayi magetsi anazima.
Mapemphero anali atandithera,
ndinangoyamba kung'ung'udza
ndikuingitsa udzudzu ndi nsonga ya chitenje.
Pa ndime yachitatu ndinamva besi pansi panga,
yosweka, yokwawa, koma mawu ali onse:
mafuta akatha m'nyali yanga, Inu khalani pomwepo.
Munthu wolephera kunena "madzi"
anatha mzere wonse osaphonya.
Wa bedi loyandikana anasiya kubuula.
Namwino anaima pakhomo, tochi ya foni italoza pansi.

M'mawa adokotala anati zimachitika,
nyimbo ili ndi chipinda chake m'mutu.
Sindinatsutse.
Ndinangodzifunsa kuti anamanga ndani chipinda chimenecho,
nyumba yonse kupsa, icho chokha osagwira moto.

Anakhala masiku ena asanu ndi anayi.

Pa maliro kwaya inaithamangitsa,
kiyibodi ya batire ikuikoka ngati mbuzi yopita kumsika.
Azakhali anapukusa mutu, nayamba okha pang'onopang'ono
mpaka onse anabwerera m'mapazi mwawo.
Kunja kwa mpanda wa manda, pansi pa mgwalangwa,
Che Sumani anaima mu mkanjo woyera,
milomo atasongola.
Pokwera paja sanalakwitse.

Lero makinawo ndi anga, khonde lomwe lija.
Bukulo limagona m'kabati ya ulusi, pakati pa mabatani ndi choko.
Mwana wanga Tadeyo akuti aifufuza pa foni,
atiuze ngati ndi mphunzitsi kapena mayi uja.
Ndamuuza asathe mayunitsi.
Wina anaipeka misozi ili m'maso, ndikwanira kudziwa zimenezo.

Phazi likangoponda imabwera yokha,
pakati pa mabelu a kabaza ndi ogulitsa malambe.
Ndime yoyamba ndimaimba mokweza,
yachiwiri nthawi zina ndimaiwala mawu.
Yachitatu ndimatsitsa dala,
kusiya malo a besi.